Ndasiya, ndinasiya kapena ndidaasiya? Mafunso anu pa mawu a munthu amene wasintha moyo

Mafunso a ulendo uno angogwirizana okha, onse ndi a anthu amene akufuna kunena kuti zakale zija azitaya koma Chichewa chake chikuwazembera. Tiyambe ndi achimwene athu ena amene ali ku Johannesburg. Akuti adalembera mayi awo kumudzi pa WhatsApp kuti "amayi ine ndimamwa mowa koma pano zinthu zili bwino", ndiye mayi aja m'malo mosangalala adayamba kudandaula kuti mwana wanga walowerera ku Joniko. Funso lawo nlakuti cholakwika chinali pati.

Achimwene, mukanayimba foni bwenzi palibe vuto. Mawu oti ndimamwa ali pawiri ndipo chimawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu basi. Mukakweza pa ndi- uja mukunena zamasiku onse, kuti mowa ndi inu simusiyana mpaka lero. Mukayamba motsitsa ndi- uja mukunena zomwe zinkachitika m'mbuyomu. Khutu limamva bwinobwino kusiyana kumeneku, ngakhale mwana wa sitandade 1 sasokoneza, koma polemba sitiyika zizindikiro za kakwezedwe ka mawu ndiye zonse zimaoneka chimodzimodzi. Mayi anu adawerenga yoyamba ija. Polemba gwiritsani -nka-, nenani kuti "ndinkamwa mowa koma ndidasiya, sindimwanso". Ka -nso kakumapetoko musakaiwale chifukwa "sindikumwa" imangonena za pakali pano, mwina poti m'thumba mwauma, pomwe "sindimwanso" ndiye kutseka chitseko.

Mayi wina wa ku Dedza wafunsa kuti cholondola nchiti pakati pa "ndinasiya fodya" ndi "ndidasiya fodya", akuti aphunzitsi awo kale ankawadula malikisi akalemba -na-. Zonse nChichewa mayi. Ku chigawo chapakati -da- ndiye amamveka kwambiri, kummwera ndi m'matauni anthu ambiri amangoti -na-. Kamuzu Banda ankakonda -da- ndipo poti Chichewa chidakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968 nthawi ya ulamuliro wake, mabuku a sukulu adatsata komweko, aphunzitsi anu aja ndi mmene adaphunzirira iwonso.

Koma nkhani yeniyeni siili pa -na- ndi -da- ayi, ili pa kukoka a. Tamverani munthu wamkulu wa ku Kasungu akunena kuti "adasiya fodya", mwachidule choncho, ndiye kuti mpaka lero munthuyo sasuta. Akakoka nkunena kuti "adaasiya fodya" dikirani, kukubwera "koma", adasiya inde koma kenako adayambiranso. Ndi chimodzimodzi "adabwera" (ndipo alipo) ndi "adaabwera" (koma adabwerera). Zimenezi si zatsopano, Mark Hanna Watkins, katswiri wa ziyankhulo wa ku America amene adalemba galamala ya Chichewa yomwe idasindikizidwa mu 1937, atafunsa Kamuzu yemweyo pomwe anali wophunzira pa yunivesite ku Chicago, adaziona kale kuti nthawi zina za mneni zimakuuza ngati chinthucho chikadali choncho kapena chidasinthanso. Achinyamata ambiri masiku ano sakoka a ameneyu ndipo polemba ndiye sitimuonanso, ine zimandiwawa ndithu chifukwa ndi kanthu kakang'ono koma kamanyamula nkhani yonse. Ngati mwangosiya kumene nenani kuti "ndasiya", imeneyo ilibe chikaiko.

Wina wafunsa ngati kusiya ndi kuleka nzofanana. Pafupifupi. Kusiya kumayenda ndi dzina la chinthu komanso ndi mneni, ndasiya kachasu, ndasiya kubetcha mpira, pomwe kuleka kumakoma kwambiri pa zochita, ndaleka kusuta, leka kunama. Mukafuna kutsindika onjezani -ratu, ndasiyiratu, ndalekeratu. Chenjerani ndi kulekeza, ameneyo ndi wosiyira panjira, monga uja adalekeza sukulu fomu 2.

Funso lomwe landiseketsa lachokera kwa mtsikana wina wa ku Ndirande. Akuti adayamba kulawirira ku geni yake, adalowa banki mkhonde, zocheza mpaka usiku adachepetsa, ndiye anzake akumuuza kuti "koma iwe wasintha" ndipo sakudziwa ngati akumuyamikira kapena akumunena. Mwana wanga, nthawi zambiri akakuuza choncho, makamaka akayamba ndi "koma" nkumaliza ndi "masiku ano", akutanthauza kuti wayamba kudzimva, sukuwawerengeranso. Mawu oti kusintha paokha sanena kuti zapita kwabwino kapena koipa, munthu amasintha malaya, amasintha ndalama, nyengo imasintha, ndiwo nazo zikagona zimasintha fungo. Woyamikira amawonjezera kenakake, amati wasintha khalidwe, wakhazikika, wayamba kuganiza bwino, akuluakulu amangoti "wakula tsopano". Kutchalitchi ndiye mumva zoti wasinthika kapena watembenuka mtima, koma amenewo ndi mawu olemera, amanena za kulapa, sungawagwiritse poti munthu wayamba kuthamanga m'mawa kuti achepetse thupi.

Pomwepo pa banki mkhonde, wandilembera kuti "ndikusunga ndalama ku gulu". Zimamveka, aliyense amatero, koma ukafuna kulondoloza wosunga ndi amene ali ndi bokosi, iwe ukusungitsa.

Chomaliza ndi cha bambo wina amene akukonza zokayankhula pa mwambo wa kubanja ndipo akufuna kunena kuti mng'ono wawo "watsegula tsamba latsopano". Mawu amenewa adatengedwa ku Chingerezi, pa wailesi ndi m'nyuzi ali mbwee moti azolowereka, sindinganene kuti ndi olakwika. Koma bambo, ngati pamwambopo padzakhala agogo ndi azakhali ochokera kumudzi, ena adzayamba kuganiza za tsamba la fodya kapena la mtengo. Ingonenani kuti mng'ono wanu wataya zakale, wayambiranso moyo wina, ndipo ngati ndi mowa umene unkamuvuta utchuleni kuti adausiya, a wake musamukoke.