Malambe, muzu wa agogo ndi ngongole ya banki mkhonde

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba kuti: "Ndimagulitsa ufa wa malambe ndi wa cham'mwamba m'maofesi a m'tauni ndi ku Ginnery Corner. Agogo anga a ku Neno anandionetsa muzu wina umene anthu kwathu amamwa akamadwala shuga. Pali mnyamata amene akuti amagwira ntchito ndi anthu ofufuza, akufuna ndikamuonetse mtengowo kuti akaupime. Anzanga akuti nditenge ngongole ku banki mkhonde, ndiyambe kuupakira m'mabotolo ndekha asanandibere. Ndichite chiyani?"

Mayi, ngongole ya muzuwo musatenge. Ngati mwatsimikiza kukongola, kongolerani malambe.

Sikuti ndikupeputsa nzeru za agogo anu, ayi. M'zomera muli chuma chenicheni, ndipo umboni wake timaumwa tokha. LA amene amatipatsa kuchipatala tikadwala malungo mphamvu yake ina imachokera ku chomera cha ku China chotchedwa Artemisia annua. Gulu la Tu Youyou linapeza mankhwala ake m'chaka cha 1972, mayiyo analandira mphoto ya Nobel mu 2015, ndipo kuno ku Malawi LA anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2007. Vincristine, amene madokotala amathandizira ana odwala khansa, amachokera ku kaduwa ka ku Madagascar kamene ambiri timabzala pakhomo ngati kokongoletsa chabe. Koma werengani zakazo: kuchokera 1972 kufika 2007. Pakati pamenepo panali kuona ngati mankhwalawo saononga chiwindi kapena impso, kupeza mlingo woyenera, kenako kuyesa pa anthu ambirimbiri. Ndalama zake ndi za maboma ndi makampani akuluakulu, ndipo nawonso nthawi zina amaluza. Kum'mwera kwa Africa kuli chomera cha hoodia chimene anthu a mtundu wa San ankatafuna kuti asamve njala akamasaka nyama. Kampani ya Unilever inkafuna kupangira zakudya zochepetsa thupi, koma mu 2008 inasiya itaona kuti zotsatira zake sizikukhutiritsa. Banki mkhonde yanu imafuna chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, ndipo pa Disembala anzanu akufuna kugawana. Singadikire kafukufuku.

Mwina mukuti inu simukufuna zonsezo, mungothira m'botolo n'kumata pepala. Apa ndiye pamene ndikukuletsani kwambiri. Mukangolemba kuti "amachiza shuga", chimene mukugulitsa si chakudyanso koma mankhwala, ndipo mankhwala m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Koma lamulo si chimene chikundiopsa kwambiri. Chikundiopsa ndi bambo uja amene amakatenga mankhwala a shuga ku Queens mwezi uliwonse, watopa ndi mzere, waona botolo lanu, wasiya mapiritsi. Shuga sapweteka tsiku lomwelo. Amadya maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. Agogo anu ankamudziwa wodwala aliyense, ankamuona akamasintha, ankadziwa pamene ayenera kumuuza kuti asiye. Botolo la pa shelefu silidziwa munthu.

Palinso vuto lina limene kafukufuku anaulula kuno kwathu komweko. Alimi ambiri amadziwa ombwe, ena amati mthuthu, umene masamba ake amaphera tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe. Panali alimi ena amene ankadandaula kuti kwa iwo sugwira ntchito, anzawo n'kumawanena kuti sadziwa kusakaniza. Akatswiri atapima mitengo ya m'Malawi muno anapeza kuti ombwe ulipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe: wina uli ndi mankhwala opha tizilombo, wina ulibe. Alimi aja sankanama. Ndiye muzu wanuwo, mukadziwa bwanji kuti wa ku Neno ndi wa ku Mwanza mphamvu yake ndi imodzi, kapena wokumba m'dzinja ndi wokumba m'chilimwe? Wogula wa lero mukhoza kumupatsa madzi chabe, wa mawa n'kumupatsa mlingo woposa. Ndipo muzu ukakhala malonda, mtengo umatha, chifukwa wokumba muzu wapha mtengo.

Malambe nkhani yake ndi ina, chifukwa kafukufuku wodula uja ena anakulipirirani kale. Mu 2008 mayiko a European Union anavomereza ufa wa malambe ngati chakudya chololedwa kugulitsidwa kumeneko, bungwe la PhytoTrade Africa litapereka umboni woti ndi wabwino kudya, ndipo America inatsatira mu 2009. Zimadziwika kuti ufawu uli ndi vitamini C wambiri komanso calcium. Mbewu zake, zimene ambiri timataya tikamaliza kumunga, zimatulutsa mafuta amene amalowa m'zodzola. Ku Kam'mwamba, kwanu ku Neno komweko, anthu anayamba kalekale kupanga juwisi wa malambe ndi wa bwemba mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, pofuna kuti nkhalango iwapatse ndalama popanda kuiotcha makala. Simukuyamba njira yatsopano. Msika ukuchidziwa kale chinthucho, ndipo pothyola chipatso mtengo umatsala uli chiimire.

Chimene chimasiyanitsa inu ndi amene ufa wake uli m'sitolo zikuluzikulu ku Chichiri ndi kafukufuku wamng'ono, amene inu mungathe kumulipira. Wogula wamkulu safunsa ngati malambe ndi abwino. Amafunsa ngati ufa wanuwo ndi wouma bwino, ngati mulibe chuku, mchenga kapena tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, komanso ngati paketi ya mwezi uno ifanane ndi ya mwezi wamawa. Mayankho ake amachokera ku Malawi Bureau of Standards, imene likulu lake lili mu Blantyre mommuno. Pitani nokha mukafunse mtengo wopimitsa ndi zimene amafuna kuti akupatseni chizindikiro chawo. Adzafunanso kuona pamene mumapangira, choncho musadabwe akanena za pansi pa simenti, madzi osamba m'manja, ndi zotchingira ntchentche m'mawindo. Nkhani ya chuku musaitenge mopepuka. Mtedza wa Malawi unataya misika yabwino ya kunja chifukwa cha poizoni wa chuku, ndipo ogula akunja saiwala msanga.

Zambiri zimayambira pogula. Pa Zalewa mudzapeza malambe oswa kale ali m'matumba, otsika mtengo ndiponso osavuta kunyamula. Koma simudziwa anaswera pati, pa mphasa kapena pa dothi, ndiponso ngati anagona panja mame n'kuwagwera. Ngati mungathe, gulani osaswa, mugwedeze lililonse: louma bwino limalira m'kati, ndipo la kabowo kapena losweka mulisiye chifukwa tizilombo talowa kale. Cham'mwamba nacho muziyanika pa mthunzi podutsa mphepo. Choyanika pa dzuwa chimafiira, chimataya zina mwa zofunika zake, ndipo mayi wa mu ofesi akatsegula paketi n'kuona ufa wotuwa m'malo mwa wobiriwira, sakuitananinso.

Musanakongole, chitani ichi kamodzi kokha koma mosamala. Tengani thumba limodzi, muliyeze pa sikelo, muswe, musinje, musefe, kenako muyeze ufa umene watuluka. Mudzaona kuti makoko ndi mbewu ndiwo atenga kulemera kwambiri, ufa ndi gawo laling'ono. Pamenepo muwonkhetse mtengo wa thumba, thiransipoti, aganyu, mapaketi ndi zolembapo, mudziwe kuti kilo imodzi ikukudyerani zingati. Ambiri amene amabwera kwa ine akudandaula kuti ndalama sizioneka amakhala kuti sanachitepo zimenezi. Ngongole imene ndingavomereze ndi yogulira malambe ambiri pa nyengo yake, miyezi yozizira kuyambira cha mu Meyi, pamene ali otsika mtengo, kuti mudzagulitse mvula ikagwa ena atatha. Koma ikhale yoti mukhoza kuibweza ndi makasitomala amene muli nawo kale lero, osati amene mukuwalota.

Tsopano za mnyamata uja. Anzanu mantha awo ali ndi maziko, chifukwa zinachitikapo m'chigwa cha Shire chomwechi. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi David Livingstone, anaona Amang'anja akupaka mivi yawo ulembe wochokera ku chomera cha kombe. Mswachi wake utakhudzana ndi kombe m'thumba, anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Mbewu zinapita ku Britain, Thomas Fraser wa ku Edinburgh anazifufuza, ndipo m'zaka za m'ma 1880 kampani ya Burroughs Wellcome inayamba kugulitsa mankhwala a mtima ochokera ku kombe. Mbewu zinkachoka kuno m'matumba, phindu lenileni n'kumatsala ku London. Eni nzeruzo analandira malipiro otolera mbewu basi.

Masiku ano pali pogwira. Pangano la Nagoya la mu 2010, limene Malawi analowamo, limati wofuna kugwiritsa ntchito zomera za dziko ndi nzeru za makolo ayambe wapempha chilolezo, ndipo agwirizane ndi eni ake za kagawidwe ka phindu. Ku South Africa, mu 2019, makampani a tiyi wa rooibos anavomera kupereka 1.5 peresenti ya mtengo umene alimi amagulitsira kwa anthu a mitundu ya Khoi ndi San. Ndi yochepa, koma inayamba kuperekedwa chifukwa inalembedwa.

Choncho musamuthamangitse mnyamatayo, komanso musapite naye kutchire. Mufunseni kalata ya kumene amagwira ntchito, dzina la mkulu wa kafukufukuyo, ndi chilolezo cha boma chochitira kafukufuku. Ngati akuti ndi wa ku yunivesite ya KUHeS kapena ya MUBAS, onsewo ali pa mtunda wa minibasi imodzi kuchokera m'tauni, kafunseni nokha. Wofufuza weniweni sakwiya akafunsidwa zimenezi. Kumbukiraninso kuti nzeruzo si zanu nokha. Amalume anu, abale ena a agogo ndi amfumu akumudzi ayenera kudziwa, ndipo pangano lililonse lilembedwe ndi kusainidwa musananene za kakonzedwe ndi kamwedwe kake.

Pali chimodzi chimene mungachite panokha pa mtengo wochepa. Tengani kanthambi kokhala ndi masamba, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, mukaumitse pakati pa manyuzipepala, mupite nako ku National Herbarium ku Zomba akakuuzeni dzina lake la sayansi. Simukuyenera kuwauza ntchito yake. Ndi dzinalo, mwana aliyense wa ku koleji akhoza kukufufuzirani pa intaneti zimene zinalembedwa kale za mtengowo. Mwina mudzapeza kuti unapimidwa kale ku Zimbabwe kapena ku Tanzania ndipo palibe chinsinsi choti wina abe. Mwina mudzapeza kuti umaononga chiwindi, zimene a kumudzi akuyenera kumva msanga. Ndipo ngati sunafufuzidwepo, mudzakhala pansi ndi mnyamatayo mukudziwa chimene muli nacho m'manja.