Za geni ya timbedza tanthenga

Mlamu, mwafunsa za timbedza tanthenga timene ndimabwera nato kuchokera ku Joni, kuti timayenda bwanji komanso ngati nanunso mungayambe.

Eni ake amati ma fly. Ndi mbedza yomangiridwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti nsomba iziona ngati kachilombo, ndiye sipafunikanso nyongolotsi. Ogula anga ndi alendo komanso anthu ochepa a m'tauni amene amakwera phiri la Zomba kukawedza trout, nsomba ya m'madzi ozizira ija imene inabwera ndi azungu. Msika wake ndi waung'ono, dziwiranitu. Ine ndimatitenga pamwamba pa katundu wina, chifukwa madazeni makumi awiri amakwana m'kachikwama.

Ulendo woyamba ndinapikula potengera kukongola, zofiira ndi zachikasu zokhazokha. Zinakhala chaka osatuluka. Msodzi wina wachikulire ndiye anandiphunzitsa kuti funso ndi lakuti nsomba ikudyera pati. Dry fly, monga Adams, imayandama ngati kachilombo kotera pamadzi, ndipo imagwira bwino madzulo nsomba zikamatumphuka. Wet fly imamira pang'ono. Koma nymph ndiye ya ndalama. Imafanana ndi ana a tizilombo okhala pansi pa miyala, ndipo trout nthawi zambiri imadyera pansi pomwepo. Za mtundu umenewu zotchedwa Pheasant Tail ndi Zak sizigona m'bokosi mwanga, komanso zimakodwa m'miyala nkuduka, mwiniwake nkubweranso kudzagula. Pamadamu ngati Chagwa amafuna zikuluzikulu zonga kansomba kapena mbululu, monga Woolly Bugger yakuda ndi Mrs Simpson. Mvula ikayamba ndimawonjezako zonga chiwala ndi ngumbi.

Samalani manambala. Nambala ikakula mbedza imachepa: 16 ndi kakang'ono, 8 ndi yaikulu. Ambiri amalakwitsa apa pooda.

Musanalipire, kokani nthenga ndi zala. Ikasololoka, isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo, chifukwa munthu amene nsomba yamupulumuka ndi fly yanu sabweranso ndipo amauza anzake. Malisiti asungeni bwino, muwaonetse pa boda ya Mwanza ndi kulipira msonkho wake.

Kunyumba mdani ndi chinyezi cha kuno ku Zomba, chimene chimachititsa mbedza dzimbiri, ndi njenjete zimene zimadya nthenga. Ine ndimasunga m'mabokosi otseka bwino. Mubwere Loweruka ndidzakuonetseni m'manja, muyambe ndi madazeni asanu a nymph.