Anatitulutsa pakati pa nyimbo ya maliro

Achemwali, ndi nkhani yanu yofuna kutengera ana kukamvera orchestra, gulu lalikulu la oimba ndi zida, mwandikumbutsa zomwe zimandiwawabe mpaka lero. Inenso ndinkafuna mwana wanga akadzionere yekha mmene orchestra imalemekezera ngwazi, ndiye ndinamutengera ku Eroica, nyimbo ya Beethoven ya magawo anayi, kuno ku UK ali ndi zaka 7. Sabata yonse ndinkamufotokozera kuti nyimboyi inalembedwera Napoleon wa ku France, koma munthu uja atadzipanga mfumu mu 1804, Beethoven anakwiya n'kufufuta dzina lake papepala mpaka linabooka. Mwana anaikonda nkhaniyo.

Poyamba zinkayenda bwino. Kugunda kuwiri kwamphamvu kotsegulira kuja anadzidzimuka n'kundigwira mkono, maso ali tong'o. Vuto linabwera m'gawo lachiwiri, la maliro lija. Mavayolini akulira chapansipansi, mabesi (mavayolini akuluakulu a mawu apansi) akuguguda ngati ng'oma yakutali, holo yonse ili zii, iye anandiyang'ana n'kufunsa mokweza, "Amayi, wamwalira ndani?" Palibe amene anamuuza kuti ndi maliro, anangomva yekha. Mayi wina kutsogolo kwathu anatembenuka n'kutiyang'ana ngati taba, kenako anakodola wolondera pakhomo. Bambo uja sanafunse n'komwe, anangotiloza chitseko. Tinadutsa mzere wonse, anthu akupinda mawondo kuti tidutse, jekete la mwana likukokeka pansi. Kunja anayamba kulira, akuti, "Ndalakwa chiyani?" Malipenga atatu a m'gawo lachitatu, amene ndinamulonjeza aja, tinawamvera kuseri kwa chitseko. Mayi amene uja sindinamukhululukirebe. Mwana anaimvetsa nyimboyo kuposa iyeyo, ndipo matikiti tinagula mtengo womwewo!

Ndiye inu musachite ngati ine. Eroica ndi yaitali, imapitirira mphindi 45, mwana sangakhale chete. Yambirani kunyumba ndi Peter and the Wolf ya Prokofiev ya 1936, mmene ngwazi yake ndi kamnyamata ndipo aliyense m'nkhaniyo ali ndi chida chake: Peter ndi mavayolini, mbalame ndi chitoliro, agogo ake ndi bassoon (chitoliro chachikulu cha mawu apansi), mmbulu ndi malipenga. Kenako Fanfare for the Common Man ya Copland, mphindi zitatu zokha, malipenga ndi ng'oma kulemekeza munthu wamba. Muwaphunzitse kusunga mafunso mpaka anthu ataomba m'manja.

Komabe musachedwe nawo, apititseni ku holo akadali aang'ono, chifukwa pa foni mabesi aja samveka m'chifuwa. Mukhale kumapeto kwa mzere, pafupi ndi chitseko. Ndipo akafunsa, muwayankhe pomwepo, wotembenuka atembenuke.