Mafunso a Owerenga: Kuyenda m'Mapiri Masiku Angapo, Kugona m'Tinyumba ta Pamwamba

Mwezi uno talandira makalata ambiri ofunsa za maulendo aja oti munthu ayenda tsiku lonse m'phiri, agona m'kanyumba ka alendo, m'mawa mwake n'kupitirira kukagona m'kanyumba kena. Tasankhapo asanu.

Akonzi, ndife achinyamata 8 a mpingo wina ku Kapata muno mu Chipata. Takhala tikusonkha ndalama za ulendo wa m'mapiri. Ena akufuna Kilimanjaro, ena Mulanje, ndipo mnzathu wina anaona pa Facebook njira ya ku Ulaya yotchedwa Tour du Mont Blanc. Tisankhe bwanji?

Abale athu a ku Kapata, siyani kaye nkhani yoti phiri lalitali ndi liti. Chimene chimathetsa munthu mphamvu ndi chitunda chimene akwera pa tsiku, komanso maola oyenda kuchoka pogona pena kufika pena. Werengani motere: ola limodzi pa makilomita 4 aliwonse, ndipo muwonjezerepo ola lina pa mamita 400 aliwonse okwera. Njira ya makilomita 8 yokwera mamita 1,000 ndiye kuti ndi maola awiri kuphatikiza awiri ndi theka, pamodzi anayi ndi theka. Popeza muli gulu, ikaniponso ola lina, chifukwa liwiro la gulu ndi la amene akuyenda pambuyo pa onse.

Tour du Mont Blanc ndi njira ya makilomita pafupifupi 170 yozungulira phiri la Mont Blanc, yodutsa m'dziko la France, Italy ndi Switzerland. Ambiri amaimaliza m'masiku 10 kapena 11. Sifika pansonga pa phirilo, ndipo pamene yakwera kwambiri ndi mamita 2,665, koma zitunda zonse mukaziphatikiza zimafika mamita pafupifupi 10,000. Tinyumba take tili ndi mabedi ndi zofunda, ndipo amaphikira alendo chakudya cha madzulo ndi cha m'mawa, motero chikwama chimapepuka. Vuto ndi lakuti tambiri timatsegulidwa pakati pa Juni mpaka pakati pa Seputembala basi, malo amafunika kusungitsiratu kudakali miyezi yambiri, ndipo pamafunika visa ya Schengen yolowera m'maiko atatuwa, tikiti ya ndege ndi ndalama za euro. Usiku umodzi wokha mukalephera kupeza malo, dongosolo lonse lasokonekera.

Pa Kilimanjaro njira yokhala ndi tinyumba togonamo ndi ya Marangu, zina zonse ndi za matenti. Mumagona pa Mandara (mamita pafupifupi 2,700), pa Horombo (3,700) ndi pa Kibo (4,700), kenako n'kukwera Uhuru Peak pa mamita 5,895. Lamulo la kumeneko silola kukwera popanda wotsogolera wovomerezeka, choncho mumadzera ku kampani imene imapereka wophika ndi onyamula katundu, ndipo paki imalipiritsa tsiku lililonse. Njira yake siyovuta kuponda. Chovuta ndi mpweya, ndipo tafotokoza m'yankho lachinayi.

Ife tikuti yambani ndi Mulanje. Nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002, ndipo tinyumba tilipo pafupifupi 10: Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Minunu, Madzeka, Sombani ndi tina. Totsatizana timatalikirana maola atatu mpaka asanu ndi limodzi. Ubwino waukulu ndi woti njira zotsikira ndi zambiri, moti wina akadwala kapena kunja kukaipa mutha kudula ulendo tsiku lomwelo. Chilankhulo ndi chathu chomwe, ndipo nzika ya Zambia sifunika visa, pasipoti ndi yokwanira.

Mudzatuluke pa Mwami kulowa Mchinji, kenako Lilongwe, Blantyre, mpaka pa Chitakale, pamene mumakhotera ku Likhubula. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndiye mugone ku Likhubula, musayambe kukwera madzulo. Dongosolo la masiku anayi loyenera oyamba kumene ndi ili. Tsiku loyamba, Likhubula mpaka Chambe, chitunda cha mamita pafupifupi 1,000. Pa njira zokwerera ku Chambe, ya Skyline ndi yachidule koma yoimirira ndiponso yopanda mthunzi, pamene ya Chapaluka imatsata mtsinje ndipo ndi yabwinoko kwa onyamula katundu. Lachiwiri, Chambe mpaka Chisepo, maola atatu kapena anayi. Tsiku limeneli lafupika dala kuti miyendo ipume. Lachitatu, kukwera Sapitwa n'kubwerera kudzagona pa Chisepo, maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, mutasiya zikwama zazikulu m'kanyumba. Lachinayi, kutsika. Mukakhala ndi masiku ena awiri, pitirirani chakum'mawa kudzera Thuchila, Chinzama ndi Sombani, mukatsikire ku Fort Lister mbali ya Phalombe.

Wina angafunse za Nyika, popeza kachigawo kena ka mapiriwo kali kuno kwathu. Malo ndi okongola ndithu, koma maulendo ake a masiku angapo ndi ogona m'matenti.

Ndine mphunzitsi ku Katete. M'tinyumba ta pa Mulanje muli chiyani, nanga ndinyamule chiyani? Ndimaopa kulemedwa.

Mayi aphunzitsi, musayembekezere hotela. Mumapeza denga, pansi pa matabwa, malo osonkhapo moto, chimbudzi chokumba panja, ndi mlonda amene amathandiza nkhuni ndi madzi. Chakudya mulibe, wophika mulibe. Matiresi ndi mapoto amapezeka m'tinyumba tina, koma zina mwa zimenezi zimakhala zotsekeredwa m'makabati a bungwe la Mountain Club of Malawi, ndiye funsani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula musananyamuke, ndipo poto mmodzi wamkulu mutenge wanuwanu.

Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lanu. Ngati mumalemera makilogalamu 60, malire ndi 12. Zotsala mupatse wonyamula katundu, mutagwirizana mtengo wa tsiku muli pansi pomwe, komanso mutamvana ngati adzidyera chake kapena adya nanu.

Pa chakudya m'pamene ambiri amalakwitsa. Pa munthu mmodzi pa tsiku werengani ufa magalamu 350 kapena mpunga magalamu 250, kapenta kapena nyama ya soya magalamu 80, mtedza wokazinga magalamu 100, shuga magalamu 60, kuphatikizapo tiyi, mchere, anyezi ndi mafuta pang'ono m'kabotolo kotseka bwino. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba. Pa mamita 2,000 madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri pafupifupi 93 m'malo mwa 100, motero nyemba zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni zambiri. Nkhunizo n'zofunika kuzisamala: mkungudza, mtengo wa fuko la Malawi umene kwawo kwenikweni ndi phiri limeneli, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula ndi moto wolusa. Zam'chitini ndi zolemera, ndipo chitini chopanda kanthu mudzatsika nacho nokha. Masana simuphika, mumadya mukuyenda: mbatata yophika dzulo lake, buledi wopaka chiponde, nthochi tsiku loyamba lokha chifukwa zimaphwanyika. Onjezerani chakudya cha tsiku limodzi lapadera, chifukwa nkhungu itha kukutsekerani m'kanyumba.

Madzi a m'mitsinje ya pamwamba ndi ambiri, ndiye mabotolo awiri a lita imodzi ndi okwanira, kumadzaza m'njira. Imwani malita atatu pa tsiku. Otunga kumunsi kwa kanyumba muwiritse kapena muthire klorini.

Kuzizira musakupepuse. Mamita 1,000 aliwonse okwera amachotsa madigiri 6 kapena 7, ndipo Chisepo ili pamwamba kuposa Chipata ndi mamita opitirira 1,000. Mu Juni ndi Julayi m'mawa mumapeza chisanu chayera pa udzu. Tengani thumba logonamo lofunda, juzi, jekete losalowa madzi, chipewa chophimba makutu, ndi zovala zina zogonera zimene simuyenda nazo masana ngakhale zitavuta bwanji. Zonsezi zikhale m'thumba la pulasitiki lalikulu mkati mwa chikwama. Jinzi ayi: ikanyowa imalemera, siuma msanga, ndipo imachotsa kutentha m'thupi. Musaiwale tochi ya pamutu, machesi okulungidwa m'pulasitiki, plasita, mapaketi a madzi a moyo, ndi ndalama za Malawi zapamanja, zing'onozing'ono, zolipirira malo ogona ndi kuthokozera mlonda.

Tchuthi changa chachitali chimakhala mu Disembala. Kodi sindingapite nthawi imeneyo? Wowerenga wa ku Chadiza.

Achimwene, tikukulangizani kuti musatero. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mitsinje ya pa Mulanje imadzaza m'kanthawi kochepa, ndipo njira zambiri zimaoloka pa miyala popanda mlatho. Matanthwe a ku Sapitwa akanyowa amaterera koopsa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka m'mbali zambiri za phirili, ndiye za njira iliyonse funsani amene adutsamo posachedwa, osadalira mapu akale okha. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Okutobala, ndipo tchuthi cha Ogasiti chikukwanirani bwino. M'miyezi yozizira chenjerani ndi chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imabwera kuchokera ku Mozambique n'kukhala masiku awiri kapena atatu. Okutobala ndi wotentha, utsi umabisa mapiri, ndipo timitsinje tina timaphwa.

Ndili ndi zaka 54, ndimakhala ku Lundazi, ndipo ndimayenda mtunda wautali osatopa. Kampani ina yandipatsa mitengo iwiri ya njira ya Marangu: masiku 5 ndi masiku 6. Ndisankhe wotsikawo?

Bambo, sankhani wa masiku 6. Matenda a pamwamba pa phiri sayang'ana mphamvu za munthu, amagwira ngakhale othamanga mipikisano. Amayamba kuoneka munthu akapitirira mamita 2,500, chifukwa mpweya umapepuka ndipo kupuma kulikonse kumalowetsa okosijeni wochepa. Malangizo a madokotala ndi akuti kupitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi. Tinyumba ta Marangu timasiyana ndi mamita pafupifupi 1,000, kuwirikiza kawiri muyeso umenewo. Tsiku lowonjezeralo ndi logona kachiwiri pa Horombo: masana mumakwera pang'ono kukafika ku Zebra Rocks n'kubwerera kudzagona pansi, thupi n'kuzolowera. Ndalama imene mungapulumutse podula tsikuli ndi yochepa poyerekeza ndi yonse imene ingapite pachabe mukabwerera pa Kibo.

Tsiku lokwera pansonga ndi lalitali zedi. Mumanyamuka pa Kibo cha pakati pa usiku, kukwera mamita pafupifupi 1,200 mumdima ndi m'chisanu, kenako kutsika mpaka Horombo tsiku lomwelo, maola 12 kapena kuposerapo.

Mutu, nseru, kusafuna kudya ndi kusowa tulo ndi zizindikiro zoyamba. Zikabwera, musakwerenso mpaka zitatha, ndipo muuzeni wotsogolera, musabise poopa kuchedwetsa anzanu. Koma munthu akayamba kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosamveka, kubanika ali chikhalire kapena kutsokomola thovu, atsike nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo asatsike yekha. Madzi amakhala atayamba kudzaza m'mapapo kapena ubongo watupa, ndipo zimenezi zimapha m'maola ochepa. Pa msinkhu wanu, kaonaneni ndi dokotala akuyezeni mtima ndi kuthamanga kwa magazi, mumufunsenso za mankhwala a acetazolamide, othandiza thupi kuzolowera pamwamba pa phiri.

Pokonzekera, kuyenda pa msewu wosalala sikukwanira. Kwa masabata 8, kawiri pa sabata, kwerani phiri lililonse limene lili pafupi mutabereka makilogalamu 8, ndipo kumapeto muziyenda masiku awiri otsatizana kuti mudziwe mmene miyendo imachitira pa tsiku lachiwiri. A mu Chipata ali ndi phiri la Kanjala pakhomo pomwe, a ku Katete ali ndi Mphangwe.

Foni yanga ili ndi mapu ndi GPS. Wotsogolera ndi wofunikabe pa Mulanje? Nanga nsapato ndigule zotani? Wowerenga wa ku Petauke.

Ndi wofunika, makamaka ku Sapitwa. Kumeneko njira imadutsa pakati pa miyala ikuluikulu, pena kukwawa pansi pake, ndipo zizindikiro ndi penti yopakidwa pa matanthwe imene nkhungu ikagwa sioneka. GPS ikuuzani pamene muli, koma siikuuzani mbali ya mwala imene ili ndi phompho. Batire nalo limatha msanga kukazizira. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anamwalira kumeneko atapitirira yekha, atasiya wotsogolera wake m'munsi. Tengani wotsogolera wolembedwa ku Likhubula, nyamukani pa Chisepo kukangocha, ndipo gwirizanani nthawi yobwerera: 12 koloko ikakwana musanafike pansonga, tembenukani, chifukwa m'miyezi yozizira 6 koloko isanakwane kumakhala kwada. Anthu a kumeneko amalilemekeza phirili ngati malo a mizimu ya makolo, ndipo dzina loti Sapitwa likunena lokha. Zimene wotsogolera akuletsani, mverani.

Nsapato zikhale za mphira yofewa yogwira mwala, zokulirapo pang'ono kuti zala zisamagunde kutsogolo potsika, apo ayi zikhadabo zimada n'kuzuka. Za salaula zilibe vuto, bola muone kuti pansi pake sipanayambe kumatuka, ndipo muyende nazo makilomita osachepera 50 musanapite. Valani masokosi awiri, opyapyala mkati ndi okhuthala kunja. Mukangomva penapake pakutentha pa phazi, imani pomwepo mumate plasita thuza lisanatuluke. Potsika gwiritsani ndodo, fupikitsani mapazi, ndipo mangitsani zingwe za nsapato pa kakolo musanayambe kutsetsereka kupita ku Likhubula.