Bwana wosamva amapha njira yabwino

Mayi, mwandigunda pachilonda ndi nkhani yanu yofuna kugwiritsa ntchito design thinking, njira yothetsera mavuto poyamba mwamvetsera makasitomala, kuti mudzutse malonda amene atsika. Njirayo payokha ilibe vuto, koma imafera m'manja mwa bwana amene safuna kumva zimene makasitomala anena.

Ine ndinkayang'anira ogulitsa nyale za sola zolipira pang'onopang'ono m'maboma a Kasungu ndi Mchinji. Anthu atayamba kulephera kulipira, kampani inaitana mlangizi amene anatiphunzitsa masitepe asanu a njirayi ochokera ku d.school, sukulu ya pa yunivesite ya Stanford ku America: kumvetsa munthu, kupeza vuto lenileni, kusonkhanitsa maganizo, kupanga choyesera ndi kuchiyesa pa anthu. Anatiuza kuti M-Pesa ya ku Kenya, njira yotumizira ndalama pafoni, poyamba inkayesedwa ngati njira yobwezera ngongole zazing'ono, koma eni ake ataona kuti anthu akuigwiritsa ntchito potumizirana ndalama anasintha cholinga, ndipo pamene inkakhazikitsidwa mu 2007 inali yotumizira ndalama kumudzi. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse.

Tinapita m'midzi, tinakhala pamphasa n'kumamvetsera. Alimi sankakana nyale. Ankanena kuti ndalama imabwera msika wa fodya ukatsegulidwa cha m'Epulo ndiponso akagulitsa soya ndi mtedza, pamene kuyambira Januwale mpaka Malichi kangachepe kalikonse kamathera ku chimanga, feteleza ndi sukulu fizi. Ife tinkafuna ndalama yofanana mwezi uliwonse, ndipo munthu akachedwa nyale inkazima yokha. Ena ankayenda mtunda wautali kukafuna ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Tinakonza zoti tiyese pamsika umodzi wokha kuti anthu azilipira zambiri nthawi yokolola ndi zochepa m'dzinja.

Tsiku lopereka lipoti ku Lilongwe linafika kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya nyale itakwera kale. Ndisanamalize tsamba lachiwiri, bwana wamkulu wa malonda anazimitsa projekita, n'kunena pamaso pa achinyamata amene ndinkawayang'anira kuti ndinapita kumudzi kukamwa thobwa ndi kutolera madandaulo a anthu aulesi. Kenaka anawerenga mokweza manambala a gulu langa, dzina ndi dzina, nalamula kuti komishoni yathu idulidwe ndiponso kuti nyale za onse amene ali ndi ngongole zikalandidwe. Palibe amene anatsegula pakamwa, ngakhale amene tinali nawo kumudziko. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti anatuma ine ndemwe kubwerera m'makomo amene anandilandira bwino ndi kundiululira mavuto awo. Mayi wina, mwana wake ali pafupi kulemba mayeso a Sitandade 8, anandifunsa ngati ulendo woyamba uja ndinabwera kudzawamvera kapena kudzaona pamene amapachika nyale. Ndinasowa choyankha, manja akunjenjemera pomasula waya.

Bwanayo sanapondepo m'mudzi uliwonse mwa midziyo, koma zithunzi zathu tikumata pakhoma timapepala ta maganizo a makasitomala anaziika m'lipoti lopita kwa eni kampani monga umboni wakuti amamvera makasitomala. Umenewu ndi utsogoleri wachinyengo, chifukwa ankafuna dzina la njirayo osati zotsatira zake.

Ngakhale zili choncho, pitani kwa makasitomala anu ndithu, pakuti zimene mukamve simungazipeze m'manambala a mu ofesi. Koma musananyamuke, bwana wanu alembe pa imelo kuti wavomera kuyesa chinthu chimodzi, malo amodzi, kwa miyezi yodziwika, ndi ndalama zake, komanso kuti komishoni ya ogulitsa siikhudzidwa panthawiyo. Mumutenge apite nanu adzimvere yekha. Makasitomala musawalonjeze kuti zinthu zisintha, ndipo amene amatolera ngongole asakhale yemwe akufunsa mafunso. Zimene mwapeza musayambe kuzitulutsa pamsonkhano wa anthu ambiri; mukamuonetse pa awiri, mutaziwerengera m'makwacha amene kampani ikutaya. Mukaona kuti akuzengereza kulemba imeloyo, sungani zolemba zanu, kwaniritsani tageti ya mweziwo monga mwa masiku onse, ndipo musatengere ogulitsa anu kumudzi kukafunsa anthu mafunso.