Simunachedwe achimwene, Chagall anayamba zamagalasi ali gogo

Achimwene, mwafunsa ngati pa zaka 46 mungayambe kuphunzira kupanga mazenera a magalasi amitundumitundu ngati a m'matchalitchi, poti dzanja lanu linazolowera penti ndi bulashi basi. Yambani ndithu.

Marc Chagall anabadwa mu 1887 ku Vitebsk, komwe lero ndi ku Belarus, m'banja la Chiyuda losauka. Anatchuka ku Paris pojambula mbuzi ndi ng'ombe zouluka, oimba zeze ali padenga, okondana akuyandama mumlengalenga. Zamagalasizi anazigwira mwamphamvu atayandikira zaka 70. Mu 1962 anapereka mazenera 12 a mafuko a Israyeli ku chipatala cha Hadassah ku Jerusalem. Mu 1964 anapanga zenera la mtendere ku likulu la United Nations ku New York, pokumbukira Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa bungwelo, amene anafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Ndola mu 1961. Anamwalira mu 1985 ali ndi zaka 97, ntchito ikadali m'manja.

Koma chimene ndikufuna muchimvetse n'chakuti sanagwire yekha. Anadzichepetsa n'kukhala pambali pa Charles Marq, mmisiri wa magalasi wa ku Reims ku France, chifukwa galasi si nsalu. Mtundu sapaka pamwamba, umalowa galasilo likadali losungunuka: cobalt, mtundu wina wa chitsulo, ndiye amabweretsa buluu wozama uja. Mumajambula papepala kukula kwenikweni kwa zenera, n'kudula zidutswa motsatira mizere. Nkhope ndi mapindo a zovala mumalemba ndi utoto wakuda, n'kuotcha mu ng'anjo kuti umatirire, kenako zidutswazo mumazilumikiza ndi timizere ta mtovu n'kuwotcherera m'mfundo. Mtovuwo ndi poizoni, musadye nsima musanasambe m'manja ndi sopo.

Musanagule chida chilichonse, pitani ku St Michael and All Angels pa Mishoni ku Blantyre, tchalitchi chimene David Clement Scott anamanga ndi anthu akuno kuyambira 1888 mpaka 1891. Mukaima panja mazenera aja amaoneka akuda bii. Ine ndinalowa m'mawa wina n'kukhala pabenchi, dzuwa litawomba ndinangoona kufiira kwagwera pa dzanja langa. Kakhaleni pamenepo ola lathunthu ndi kope, mujambule mizere ya mtovu yokhayokha, muone mmene anagawira chithunzi. Ntchito yanu yoyamba ikhale ya zidutswa zisanu zokha, ndipo mudzatiponyere chithunzi muno.