Nyumba yatsopano koma khoma likunyowa

Funso: Akulu, tinalowa m'nyumba yathu yatsopano ku Area 49 mu Okutobala koma mvula itangoyamba penti wafufuma m'munsi mwa khoma, kwatuluka zoyera ngati mchere, kuchipinda kukununkha nguwi. Abilida akuti ziuma zokha, ndiwakhulupirire? Mayi wa ku Lilongwe

Yankho: Mayi, pulasitala watsopano amatengadi miyezi kuti aume, koma zoyambira pansi kukwera m'mwambazi ine sindizikhulupirira. Afunseni ngati anayika DPC, pulasitiki wakuda uja wotchinga chinyezi pamwamba pa fawundeshoni, ena amadumpha dala kuti ndalama itsale m'thumba. Kenako mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera muzungulire nyumba, muone komwe madzi a pamalata akugwera ndiponso ngati dothi silinakwirire DPC, amayenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi.

Yesaninso izi: matani kapulasitiki pakhomapo ndi selotepu masiku awiri. Madontho akakhala mkati, pakati pa pulasitiki ndi khoma, ndiye kuti madzi akuchokera m'khoma, akakhala kunja ndi thukuta la m'chipinda, muzitsegula mawindo. Ngati khomalo lagundana ndi bafa tsekani mipopi yonse muone ngati mita ya madzi ikuyendabe, ikamayenda ndiye kuti paipi ikudontha penapake. Penti wina musagule kaye.